Zithunzi za a Makawa

Dzuwa la Okutobala likafika pamutu, njanji ya ku Lirangwe inkatulutsa fungo lakelake. Linali fungo la oyilo wakale amene anakhala akudonthera pamiyala kwa zaka zambiri, losakanikirana ndi fumbi ndi ndowe zouma za mbuzi. Miyalayo inkatentha moti ife ana tinkaidumpha ngati achule popita kumjigo, ndipo zitsulo zinkanyezimira mpaka maso kuwawa. Nyumba yathu inali kuseri kwa mlambe waukulu, pafupi kwambiri ndi njanjiyo, mwakuti sitima ikamadutsa makapu ankagundana m'kabati ya amayi. Nyenje zinkalira tsiku lonse m'mitengo yopanda masamba. Cha kumsewu waukulu kunkachokera utsi wa nyama ya mbuzi yootcha ndi mawu a anyamata oitanira minibasi za ku Lunzu ndi ku Mdeka. Chilimwe chimene ndikufuna kunena ndinali mu sitandade 4, ndipo ndinali mwana mmodzi yekha m'nyumbamo.

Ababa anali gadi wa sitima. Ndiwo ankakhala m'bogi yomaliza ndi mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, wezulo ili pakhosi. Nthawi zambiri ankagona ku Limbe kapena ku Balaka, ndipo ine ndinkawadziwa kwambiri ngati munthu wodutsa. Sitima ikaima pasiteshoni yathu ankatsika ndi yunifolomu yawo yosita bwino, n'kundipatsa buledi kapena phava la nthochi, kenako n'kuimba wezulo, sitima yonse n'kuwamvera. Anali munthu wa mawu. Kutchalitchi ndiwo ankawerenga Baibulo tsiku Lamulungu likawapeza pakhomo, ndipo ankawerenga mosathamanga, liwu lililonse n'kulipatsa malo ake. Pamaliro anthu ankawasankha kuti alankhule. Amayi ankati anakwatiwa ndi pakamwa, munthuyo anachita kubwera pambuyo.

Ndiye tsiku lina anagwa ali kuntchito. Anagonekedwa m'chipatala ku Blantyre kwa nthawi ndithu, ndipo pamene ankabwera nawo kunyumba anachita kuwanyamula potsika galimoto. Anthu ankati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linkangolendewera, mwendo wamanja ankachita kuukoka, ndipo pakamwa panapotokera mbali imodzi ngati pa munthu amene akufuna kuseka koma wasintha maganizo. Choopsa kwambiri chinali chakuti mawu onse aja anathawa. Panatsala limodzi lokha. Akafuna madzi ankati "basi". Akamva kupweteka ankati "basi". Amayi akawafunsa ngati agona bwino, yankho linali lomwelo. Ndikalowa m'chipinda ankandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, kenako n'kunena kuti "basi", ine n'kutuluka msanga ngati andithamangitsa.

Anasankha okha kukhala kukhonde lakuseri, loyang'ana kukhola la mbuzi. Amayi atayesa kuika mpando wawo wandalema kumaso, kumene kunkaoneka njanji, ababa anamenya pansi ndi ndodo mpaka amayi anaubweza. Masabata oyambirira kunkabwera anthu ambiri. Amayi a chigwirizano ankabwera ndi ufa ndi nyimbo, akuluakulu a mpingo ankabwera ndi mapemphero aatali. Onse ankalankhula nawo mokweza ngati afa makutu, kenako n'kutembenukira kwa amayi n'kumanong'ona za iwo ali pomwepo, kuti munthu wabwinobwino uja watha chonchi. Ababa ankangoyang'ana mbuzi. Patapita nthawi alendo anayamba kuchepa, ndipo pakhomo panangotsala kulira kwa nyenje.

Ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kukhala nawo, kuwaingitsira ntchentche ndi kuwapukuta dovu ndi kansalu. Ndinkachita zimenezi nkhope nditayang'ana kumbali. Sindinkawada ayi, koma ndinkaopa nkhope ija, chifukwa theka lake linali la ababa, theka linalo la munthu amene sindinkamudziwa. Anayamba kukana chakudya. Amayi ankawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, iwo n'kulawa kamodzi, n'kutseka pakamwa. Malaya anayamba kuwakulira, ndipo mafupa a m'khosi anatulukira. Sitima ikalira kuchokera cha ku Blantyre ankatseka maso mwamphamvu mpaka phokoso litazimiririka. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza mnzawo kumjigo kuti, "Matenda sakuwapha ayi. Angoganiza zopita basi."

A Makawa anafika Loweruka lina m'mawa, dzuwa lisanapse. Ndinaona bambo wamfupi, wakuda bii, akutsika panjinga yakale yokhala ndi galasi losweka, thukuta lili chuchuchu. Anali atapalasa kuchokera ku Chileka. Dzina lawo ndinkalimva m'nkhani za ababa, koma ndinali ndisanawaonepo. Analowa ntchito ya njanji chaka chimodzi ndi ababa, iwo ali m'gulu lokonza njanji, ndipo atasiya anabwerera kwawo kukalima chimanga ndi nandolo n'kumajambula anthu zithunzi pa maukwati. Kamera anaigula adakali mnyamata, ndipo akuti ankayenda nayo ponseponse. Amayi sankawakonda kwenikweni. Ankati ndi munthu waphokoso, wonunkha fodya, woseka ngakhale pamaliro.

Sanachite zimene alendo ena ankachita. Sanagwade pambali pa mpando, sanapepese, sanatsitse mawu kapena kuwakweza. Anaima patsogolo pa ababa manja ali m'chiuno n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Gadi, ndiye mwasanduka mbusa wa mbuzi tsopano?" anatero. "Alamu, gwirani uko. Munthu uyu akanunkha mbuzi tikamusiya kuno."

Ababa anamenya ndodo pansi n'kunena "basi" kangapo, koma a Makawa anachita ngati sakumva. Anawadzutsa, n'kuwakoleka paphewa, amayi atanyamula mpando, mpaka kukhonde lakumaso. Kenako anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa jumbo ya shuga yomangidwa ndi mphira. Anandiuza kuti ndiyale mphasa.

M'jumbomo munali zithunzi, zambiri mwa izo zakuda ndi zoyera, zina zitayamba chikasu, zina zopindika m'makona. Zinali zofunda chifukwa cha thupi la munthu amene anazinyamula. Anaziyala pamphasa chimodzichimodzi ngati mayi woyala tomato pamsika. Munali sitima ya malasha ikutulutsa utsi wakuda, mtundu wa sitima umene ine ndinali ndisanauonepo. Munali mlatho wautali wachitsulo pamwamba pa mtsinje wa Shire, ndi amuna opanda malaya atanyamula chitsulo cha njanji pamapewa, onse atatsegula pakamwa chifukwa ankaimba. Munali amayi ogulitsa nzimbe pamawindo a sitima, kangolo kokankha ndi manja kali ndi anthu anayi pamwamba, ndiponso mnyamata wowonda wovala chipewa chomukulira, atakweza mbendera. Ndinayang'anitsitsa mnyamatayo nthawi yaitali ndisanazindikire makutu ake. Anali ababa.

Tsiku limenelo ababa sanayang'ane ngakhale chimodzi. Anatembenuzira nkhope kukhoma, a Makawa n'kumangolankhula okha, kutchula anthu amene anamwalira kalekale, kuseka nthabwala zawo zomwe. Atadya anamanga zithunzi zawo n'kupalasa kubwerera. Ndinkaganiza kuti sabweranso. Koma Loweruka lotsatira galasi losweka lija linathwanimanso panjira ya kumsika, ndipo linapitiriza kutero chilimwe chonse. Ana a pafupi anayamba kumabwera kudzaunjikana m'mbali mwa mphasa. Kunkabweranso agogo ena aamuna amene kale ankagulitsa tiyi pasiteshoni, ndipo ankakonda kutsutsana ndi a Makawa za chaka chimene sitima za malasha zinatha. Ndinaona kuti ababa ayamba kuba ndi diso. Nkhope inkakhala kukhoma, koma diso lamanzere linkatsetserekera pamphasa.

Bodza loyamba ndimalikumbuka bwino chifukwa linandikhudza ine. A Makawa anatola chithunzi cha kanyumba ka siteshoni, kumbuyo kwake kukuoneka mlambe wokhala ndi nthambi imodzi yopindikira pansi ngati chigongono. Mlambe umenewo unali patsogolo pathu pomwepo, mthunzi wake ukufika pafupi ndi mphasa. Koma iwo anachikweza m'mwamba n'kunena mosakayika kuti apa ndi pa Luchenza, pamene a Gadi anaiwala mbendera m'chimbudzi sitima n'kunyamuka yokha.

"Si pa Luchenza," ndinatero. "Ndi pano. Mlambe wake ndi uwo."

Ananditembenukira ndi nkhope imene sindinaiyembekezere. "Iwe mwana, ndafunsa iwe? Mwini wake ali pompano, ali ndi pakamwa. Ngati ndanama anene yekha."

Ana anzanga anaseka, ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ababa anali atatembenuka. Kanali koyamba kuwaona akuyang'ana chithunzi mwachindunji. Analoza mlambe ndi ndodo, n'kuloza chithunzi, n'kumenya pansi. "Basi, basi," ankatero, mitsempha ya m'khosi itatupa. A Makawa anangogwedeza mutu n'kunena kuti eya, a Gadi akuvomereza, ndi pa Luchenza.

Kuyambira pamenepo mabodza anachuluka. Mlatho wa Shire ankautchula kuti wa Ruo. Munthu amene sabata yatha anali Jemusi, sabata ino ankakhala Fulaye. Ankati ababa ankaopa mluzu wa sitima, ankati ankagona pantchito, ankati Chingerezi chawo anachiphunzira kwa iwo a Makawa. Bodza lililonse ababa ankalimbana nalo ndi thupi lonse. Ankatuluka thukuta, dzanja lamanzere linkanjenjemera, nthawi zina misozi inkatsika mbali yakufa ija ya nkhope. Ine ndinkakhala kumapeto kwa mphasa nditakumbatira maondo, mtima ukuwira. Ndinkaona munthu wamkulu akuzunza wodwala amene sangadziyankhire, ndipo ndinkadabwa kuti palibe womuletsa. Loweruka likamayandikira ndinkapemphera kuti tayala la njinga ija liphulike cha ku Lunzu.

Ndinawauza amayi tsiku lina tikusenda nandolo wouma kuseri kwa nyumba. Ndinati a Makawa ndi abodza, ndipo akuwadwalitsa ababa, awauze asiye kubwera. Amayi anatola lichero. Anapeta nandolo, mankhusu n'kuuluka kupita kukhola, kenako anati, "Nanenso ndimaopa, Enelesi. Ndikamawaona akunjenjemera chonchija ndimati agwanso." Kenako anawonjezera kuti, "Koma waona kuti Loweruka amafuna malaya oyera?" Ndinali ndisanaone. Ndinayamba kuyang'anitsitsa, ndipo zinali zoona. Lachisanu madzulo ababa ankaloza chibwano kuti awamete, ndipo Loweruka m'mawa ankakana malaya alionse mpaka amayi atatulutsa oyera aja a kutchalitchi. Ine ndinaganiza kuti akuvalira nkhondo.

Chithunzi cha ngalande chinabwera kumayambiriro kwa Novembala, mango atayamba kupsa. Chinali chosiyana ndi zinzake chifukwa munalibe njanji. Munali madzi oyenda mowongoka ngati anawalemba ndi rula, m'mbali mwake muli simenti, uku ndi uku nzimbe zazitali mpaka kumapeto kwa chithunzi. Ife a ku Lirangwe tinkadziwa mitsinje yokhotakhota youma chilimwe, ndiye ana tonse tinaunjikana kufunsa kuti mtsinje wotere ngwakuti. A Makawa anafotokoza kuti si mtsinje, ndi ngalande yokumbidwa ndi anthu yotengera madzi a Shire kupita m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Anati anapitako ndi ababa pa tchuthi adakali anyamata, kukaona msuweni wawo wodula nzimbe, ndipo msuweniyo ndi amene anawajambula. M'mphepete mwa madziwo munali anyamata awiri onyowa. Wina anali ataimirira akuseka, lamba ali m'manja. Winayo anali atakhala pansi, mutu uli pakati pa maondo.

"Apa ndi pamene ndinakuvuulani, a Gadi," anatero a Makawa, akuika chithunzicho pamwendo pa ababa. "Munaterereka pasimenti, madzi n'kukutengani. Munkamwa madzi ngati ng'ombe, mukuitana amayi anu. Pakanapanda ine kukuponyerani lamba, bwenzi mwana uyu kulibe. Mpaka lero simunandithokoze."

Aliyense woona akanatha kuzindikira kuti woimirira ndi lamba uja anali ndi makutu a ababa, ndipo wokhala pansiyo anali wamfupi ndi wakuda. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinakumbuka za Luchenza, n'kutseka. Ababa anachigwira chithunzicho ndi dzanja lamanzere mpaka chinapindika. Anapuma mwamphamvu kangapo. Milomo inatsekeka kuti ipange "basi" uja, ndipo tonse tinkayembekezera yemweyo, koma inakhala yotseka nthawi yaitali, masaya atafufuma, ngati munthu akukankha chitseko chimene chatupa ndi mvula.

"Bo," anatero. Kenako, "Bodza."

Linatuluka lopindika, lolemera, koma linali liwu lenileni. A Makawa sanasangalale, sanawombe m'manja. Anangokweza mapewa n'kufunsa kuti, ngati ndi bodza, anavuula mnzake ndani? Ababa anadzimenya pachifuwa ndi chithunzi chomwecho. "I... ine."

"Chabwino, mwina ndaiwala," anatero a Makawa, akutola chithunzi china. Koma ndinaona kuti anachigwira chozondoka, ndipo anakhala akuchiyang'ana choncho kwa kanthawi.

Amayi anali ataima pakhomo la khitchini ndi chipande m'manja. Sanabwere pafupi. Anabwerera m'kati, ndipo ndinamva akutsokomola nthawi yaitali, ngakhale nkhuni za tsiku limenelo zinali zouma bwino. Masana amenewo ababa anadya. Anadya ndi dzanja lamanzere, mosalongosoka, chakudya chikugwera pamalaya oyera aja, diso lili pa a Makawa ngati akuopa kuti akayang'ana kumbali munthuyo anamanso. Atatha anandilozera mtengo wa mango. Ndinathyola awiri, ndipo anayamwa limodzi mpaka njere inayera.

Pambuyo pake mawu anayamba kubwera, koma ankabwera mwa njira yawoyawo. Oyamba kubwerera anali maina a masiteshoni. Ababa sankatha kupempha madzi, koma a Makawa akangoti sitima ikachoka pa Lirangwe imaima pa Balaka, iwo ankakwiya n'kuyamba kundandalika ngati nyimbo ya kusukulu: Lirangwe, Namatunu, Gwaza, mpaka Utale ndi Nkaya. Akasokoneza ankabwerera poyambira. A Makawa anayamba kutisiyira zithunzi pakati pa sabata, ati jumbo ikuwalemera panjinga. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkayala mphasa ndekha. Ndinkanyamula chithunzi, ababa n'kuyesa kutchula chimene chilimo. Mlatho. Malasha. Mbendera inawavuta masiku ambiri. Ndinazindikira tsiku lina kuti ndakhala ndikuwayang'ana pakamwa masana onse, kudikira liwu, osakumbuka kuti ndimaopa nkhope ija. Sitima ikamadutsa sankatsekanso maso. Ankaiyang'ana mpaka bogi yomaliza, n'kupukusa mutu ngati gadi watsopanoyo akulakwitsa china chake.

Dzina langa lokha ndi limene linkakana. Ababa anayamba kutchula amayi kuti "mayi", n'kumatchula a Makawa bwinobwino kuti "wabodza", koma akandiyang'ana ine, pakamwa pankatuluka "Namatunu". Mwina chifukwa limamveka ngati dzina la mkazi, mwina chifukwa ndi limene limabwera pambuyo pa Lirangwe, sindikudziwa. Ankadziwa kuti alakwitsa, chifukwa ankapukusa mutu n'kuyesanso, koma linkabwera lomwelo. Ana a pamphasa aja analitengera kusukulu, ndipo posakhalitsa kalasi yonse inkandiitana Namatunu, ena n'kumalira ngati sitima ndikamadutsa. Zinkandipweteka kuposa mmene ndinkaonetsera. Mumtima ndinkati ababa akumbuka malo onse amene ankangodutsamo, akumbuka ngakhale malasha, koma ine andiiwala. Ndinayamba kuganiza kuti mwina kale lonse ndinali siteshoni chabe, pamene ankatsika pang'ono n'kusiya buledi.

Sindinauze munthu zimenezi. Koma Loweruka lina a Makawa anandipeza kuseri kwa mlambe ndikugenda mwana wa aneba amene anandiitana dzina lija. Anatsika panjinga, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana mwanayo akuthawa. Loweruka lotsatira kunja kunali kutasintha. Mitambo yakuda inali itaunjikana cha kumapiri a kum'mawa, mphepo yotentha ikuzunguza mapepala ndi masamba pabwalo, anthu ali m'minda kumalizitsa mizere. Ana sanabwere ambiri tsiku limenelo. A Makawa sanamasule jumbo. Anatulutsa chithunzi chimodzi chokha m'thumba la malaya, chamitundu, chimene ndinali ndisanachionepo. Munali ababa atavala yunifolomu, ataima papulatifomu ya siteshoni yathu, atanyamula khanda lokutidwa mu shawelo yachikasu. Sankayang'ana kamera. Ankayang'ana khandalo, ndipo mbendera zonse ziwiri zinali pansi pafupi ndi nsapato zawo.

Shawelo imeneyo ndinkaidziwa. Inali m'sutikesi ya amayi.

"Uyu ndi mwana wa bwana wa siteshoni uja," anatero a Makawa. "Kamnyamata kaja, Yohane. Anakupatsani kuti mumugwirire, inu n'kumunyamula ngati thumba la mchere. Kanali konyansa kamwana kameneka."

Ababa sanamenye ndodo. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chachikulu chikuyenda pa shawelo ija. Kenako anakweza maso n'kundipeza pamene ndinakhala. Ndinaona milomo ikuyamba kupanga "Na", ndipo ndinaweramitsa mutu kuti ndisamve. Koma anaima. Anasiya chithunzi pamwendo, n'kutambasula dzanja lamanzere, n'kundigwira pamkono mwamphamvu moti zala zinalowa m'mnofu. Anandikokera pafupi ndi mpando, n'kutembenukira kwa a Makawa.

"Wanga," anatero. Anapuma, n'kubwerezanso momveka bwino kuposa mawu onse amene ananena chilimwe chimenecho. "Uyu. Wanga."

"Ooh, ndi wanu?" anatero a Makawa. "Ndiye wakula bwino. Sankaoneka kuti adzakhala munthu."

Ababa sanandisiye mkono mpaka madontho oyamba anayamba kugwa pamalata, akuluakulu, otalikirana. Tinalowetsa msanga mphasa ndi mpando m'nyumba. A Makawa anakana kudikira kuti mvula ikate, ati mbewu yawo ikuwadikira ku Chileka ndipo mawa n'kubzala. Jumbo ya zithunzi anaibisa m'malaya, koma cha khanda chija anachisiya pawindo. Ndinawaona akupalasa mumvula, msana utapindika, mpaka anakhota pamsika.

Nyengo ya dzinja inawachepetsa maulendo. Kunali kupalira, kunali matope, ndipo njinga ija inayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Ababa anakhala nafe zaka zina zingapo. Kuntchito sanabwerere, ndipo kutchalitchi sanawerengenso, koma ankayenda ndi ndodo mpaka pasiteshoni, n'kumakambirana ndi anthu m'mawu awo ochepa aja. Dzina langa linabwera lokha tsiku lina lopanda chachilendo chilichonse, akufuna kuti ndiwapatsire mchere. Pofika nthawi imeneyo la Namatunu linali litandikakamira kale, ndipo alipo anzanga a ku Lirangwe amene mpaka pano sadziwa kuti ndine Enelesi.

A Makawa ndinakawaona nditakula, ndili ndi ana anga, nditamva kuti maso awo achita ng'ala. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango kwawo ku Chileka, ndege ikutsika cha kubwalo la ndege, iwo akuitsatira ndi khutu. Anatuma mdzukulu kukatenga jumbo ija. Popeza sankaonanso, ndinkatola chithunzi n'kuwauza zimene zilimo, iwo n'kumalizitsa. Sanaphonye ngakhale chimodzi. Mlatho wa Shire unali wa Shire, Jemusi anali Jemusi, ndipo ankadziwa ngakhale amene anaima kunja kwa chithunzi. Nditafika pa cha mlambe ndinawayesa dala, ndinati apa ndi pa Luchenza. Anaseka mpaka kutsokomola. "Unkandiyang'ana ngati undilume," anatero. Kenako ananena motsitsa kuti masiku ena akachoka kwathu ankatsika panjinga asanafike pa Lunzu, n'kukhala pamwala. "Ndinkaopa kuti ndimupha mnzanga. Koma nanga ndikanatani? Onse ankamumvera chisoni. Panalibe womuputa."

Ndili mwana ndinkadziwa kuti munthu wokonda wodwala amalankhula mofatsa, amabweretsa ufa, amapemphera, ndipo a Makawa sankachita chilichonse mwa zimenezi. Sindinganene kuti ndinkalakwa kotheratu, chifukwa amayi a chigwirizano aja ankatikondadi, ndipo ufa wawo tinadya. Sindingalangizenso munthu kuti azikwiyitsa wodwala sitiroko. Koma pano ndikudziwa kuti pa anthu onse amene anaponda pakhomo pathu chilimwe chimenecho, mmodzi yekha ndi amene ankalankhula ndi ababa ngati munthu amene angathe kuyankha. Ankanyamuka ku Chileka kusanatenthe, podziwa kuti kumene akupitako mnzake akamutcha wabodza ndipo mwana wa mnzakeyo sakamupatsa moni ndi mtima wonse. Madzi akumwa ndinkawapatsira nditayang'ana kumbali, iwo n'kulandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo, mayi.